Tayala la sipeya la kalavani ndi ngolo: mafunso ndi mayankho kwa oyenda msewu wa Salima ndi Nkhotakota

Makalavani, tinyumba ta matayala tokokedwa ndi galimoto, si ambiri kuno kwathu, koma alipo. Ena amabwera ndi alendo odzagona m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, ena ndi a makampani okonza misewu omwe amawasandutsa ofesi kapena chipinda chogona. Zochuluka ndi ngolo zokokedwa ndi galimoto: zonyamula boti, jenereta, zokuzira mawu, matumba a mpunga ndi nsomba. Zonsezi zili ndi vuto limodzi. Tayala la sipeya limamangidwa tsiku lomwe ngoloyo yagulidwa, ndipo palibe amalikhudzanso mpaka tsiku la tsoka. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe eni makalavani ndi ngolo amafunsa kawirikawiri.

Sipeya yanga sinapondepo pansi. Ingawonongeke bwanji?

Imawonongeka, ndipo nthawi zina msanga kuposa matayala omwe akuyenda. Labala wa tayala amasakanizidwa ndi mankhwala oteteza ku dzuwa ndi mpweya, ndipo mankhwalawo amatulukira kunja pang'onopang'ono tayala likamazungulira ndi kutentha. Tayala longokhala silipeza mwayi umenewo. Khungu lake limauma, kenako m'mbali mumayamba timing'alu tating'ono kwambiri, tina tobisika pansi pa mano.

Onjezani pamenepo dzuwa la kunyanja. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Salima ndi Nkhotakota kumadutsa madigiri 30 masiku ambiri, ndipo tayala lakuda lomwe lili padzuwa limatentha kuposa pamenepo, moti simungaligwire ndi dzanja masana. Sipeya yomangidwa kumbuyo kwa kalavani popanda chovundikira imapsa tsiku ndi tsiku mbali imodzi. Mukaiyang'ana mano ake ali onse, ngakhale timaubweya ta kufakitale tilipo, ndiye mtima umakhala pansi. Koma mukaisenzetsa katundu pa phula lotentha, labala wouma uja amalekana ndi mawaya a m'kati, ndipo imaphulika musanapite patali.

Ndingadziwe bwanji kuti tayala lili ndi zaka zingati?

Zalembedwa pa tayala pomwepo. Fufuzani m'mbali mwake malemba oyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwa mzerewo mupeza manambala anayi, nthawi zambiri ali m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Manambalawa amalembedwa mbali imodzi yokha pa matayala ambiri, choncho ngati simukuwaona, litembenuzeni. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, ndipo ntchito yomwe lingagwire ndi yodulamo nkhwaira kapena kudzalamo maluwa.

Mabungwe a eni makalavani ku Britain amalangiza kusintha tayala la kalavani likakwana zaka 5, ndipo osaligwiritsa ntchito likadutsa zaka 7, kaya mano alipo kaya palibe. Opanga matayala ambiri amaika malire omaliza pa zaka 10 kwa tayala lililonse, sipeya yomwe. Ku Britain dzuwa ndi lochepa poyerekeza ndi kuno. Ine ndimaona kuti kwa ife a kunyanja, zaka 5 ndiye malire oyenera kuwatsata, makamaka ngati tayalalo lakhala panja nthawi yonseyo.

Malo abwino oika sipeya ndi ati?

Funso ili lilibe yankho limodzi, chifukwa malo aliwonse ali ndi ubwino wake ndi msampha wake.

Ambiri amaika kutsogolo, pa zitsulo ziwiri zija zomwe zimakumana pokokera. Pamenepa mpabwino chifukwa tayala mumaliona tsiku lililonse, kuyeza mpweya n'kosavuta, ndipo kulichotsa sikufuna kugona pansi. Koma kumbukirani kuti tayala la mainchesi 14 pamodzi ndi limu yake limalemera makilogalamu 15 mpaka 20, ndipo kulemera kumeneko kumakathera pa chokokera cha galimoto. Chokokera chilichonse chili ndi malire ake olembedwa pa kachitsulo kake kapena m'buku la galimoto. Ngati kutsogoloko kuli kale silinda ya gasi, batire ndi chigubu cha madzi, sipeya ikhoza kukudutsitsani malire. Galimoto imagwada kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero n'kumamveka chopepuka mochititsa mantha. Chinanso, onetsetsani kuti pokhota kwambiri tayalalo silikhudza bampala ya galimoto.

Kumbuyo kwenikweni ndi malo omwe ndimawakayikira kwambiri, pokhapokha ngati opanga kalavaniyo anaikako okha chomangirapo. Katundu wolemera akakhala kumchira, kalavani imayamba kugwedeza mchira mukathamanga, makamaka basi kapena thiraki ikakudutsani, kapena mwera ukamawomba kuchokera kunyanja m'miyezi yozizira. Kugwedezeka kumeneko kukayamba pa liwiro lalikulu, kumakoka ndi galimoto yomwe. Komanso khoma la kumbuyo la makalavani ambiri ndi lopyapyala: kunja chitsulo chofewa kapena pulasitiki, m'kati timatabwa. Wowotcherera akangoboola n'kumangapo chitsulo, mabampu a msewu amang'amba khomalo pang'onopang'ono, mvula n'kumalowera m'mabowomo, matabwa n'kuola. Ngati mukufunadi kumbuyo, chomangiracho chigwire ku chesisi, osati ku khoma.

Pansi pa kalavani, kufupi ndi ekiselo, ndi malo abwino koposa pa nkhani ya kulemera, ndipo dzuwa silifikako. Makalavani ambiri a ku Ulaya okhala pa chesisi yopangidwa ndi kampani ya AL-KO ali ndi chonyamulira cha mapaipi olowetsana chomwe chimasololoka cham'mbali. Vuto lake ndi la misewu yathu. Tayala lolendewera pansi limachepetsa mpata pakati pa kalavani ndi nthaka, ndiye mukapatuka pa M5, msewu wa Salima ndi Nkhotakota, kulowera kumudzi kapena kugombe, limakhula miyala, zitsa ndi mchenga. Nthawi ya dzinja limasamba matope tsiku lililonse. Ndipo poti silioneka, ndi lomwe limaiwalika kwambiri.

M'kati mwa kalavani, kapena m'bokosi la kutsogolo, tayala limatetezeka ku dzuwa, mvula ndi akuba nthawi imodzi. Likhale pansi, pamwamba pa ekiselo kapena pafupi napo, ndipo limangidwe ndi malamba olimba. Tayala losamangidwa limathyola makabati mukaponda mabuleki mwadzidzidzi. Fungo la labala m'chipinda chogona masiku otentha si labwino, choncho ena amalinyamulira m'galimoto yokokayo, zomwenso ndi nzeru ngati malo alipo.

Padenga ayi. Denga la kalavani silinapangidwire katundu wotere, ndipo kulemera kukakwera m'mwamba ngolo imagubuduka msanga.

Chonyamulira cha pansi chija chauma, sichikusololoka. Nditani?

Ili ndi dandaulo lofala kwambiri, ndipo anthu amalizindikira ali kale m'mbali mwa msewu tayala litaphwa. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, koma chinyezi, matope ndi mchenga ndi zokwanira kumatiriza mapaipi awiri olowetsana. Mchenga wa kugombe ukasakanikirana ndi girizi wakale umauma gwa, dzimbiri n'kumalizitsa ntchito.

Chitani izi muli pakhomo, tsiku lomwe simukupita kulikonse. Thirani mafuta omasula dzimbiri polumikizira ponse, dikirani, gogodani pang'onopang'ono ndi hamala kudzera pa kathabwa kuti musaphwanye paipi, kenako kokani mukugwedeza. Chikatuluka, tsukani matope onse, palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, pakani girizi watsopano mopyapyala. Nati yogwira tayala pakati ipakeninso. Ntchito imeneyi ichitike kawiri pa chaka: mvula isanayambe cha mu Novembala, ndi ikatha cha mu Epulo.

Pali china chomwe ambiri sachiganizira. Tayala likaphwa, kalavani imatsika mbali imeneyo, ndipo mpata wosololera sipeya umachepa. Nthawi zina mumayenera kuyamba mwakweza ndi jeke kuti sipeya ituluke. Onaninso mbali yomwe chonyamuliracho chimatulukira. Kuno timayenda kumanzere, ndiye chikamatulukira kumanja ndiye kuti mudzagwada mu msewu momwe mukudutsa magalimoto. Pa makalavani ena chimatheka kuchitembenuza kuti chizitulukira kumanzere, ndipo ndi ntchito yoyenera kuilipira.

Mukatulutsa tayala, yang'anani pomwe limagona pa mapaipi. Likakhala malo amodzi zaka zambiri, m'mbali mwake mumadindika mizere iwiri yakuya. Kuyala kachidutswa ka labala kapena kapeti yakale pakati, ndi kulizunguza pang'ono nthawi iliyonse mwalitulutsa, kumathetsa zimenezi.

Chovundikira n'chofunikadi, kapena ndi zokongoletsa chabe?

Kwa tayala lokhala panja, n'chofunika kwambiri, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi tayala latsopano. Simufunika kuitanitsa kunja. Telala aliyense wosoka matenti kapena mipando ya galimoto pa Kamuzu Road ku Salima akhoza kukusokerani ndi lona wokhuthala, n'kuika chingwe kapena lasitiki m'mphepete. Sankhani mtundu wowala, woyera kapena wotuwa, chifukwa chakuda chimakoka kutentha.

Muuzeni telalayo asiye kabowo pansi pake. Chovundikira chotsekeka ponseponse chimasunga madzi a mvula, limu n'kumachita dzimbiri m'kati inu osadziwa, ndipo dzimbiri likafika pomwe labala amagwirana ndi limu, mpweya umayamba kutuluka pang'onopang'ono. Pa chifukwa chomwecho, musakulunge tayala m'pulasitiki yakuda n'kulisiya padzuwa. Limachita thukuta m'katimo.

Ndipo chovundikira chisakhale chifukwa choiwalira zomwe zili m'kati. Chivundukuleni mwezi uliwonse.

Mpweya ukhale wochuluka bwanji, ndipo ndiziyeza kangati?

Tayala lililonse limataya mpweya ngakhale lisanabooke, pang'ono mwezi uliwonse, kudzera mu labala mwenimwenimo ndi pa valavu. Pakatha chaka osaliyang'ana, mukhoza kulipeza latsala ndi theka. Yezani kamodzi pa mwezi, komanso m'mawa wa ulendo uliwonse wautali.

Mlingo wake ndi womwe walembedwa m'buku la kalavani kapena pa kachitsulo ka pa chesisi. Matayala a kalavani ndi ngolo zolemera amafuna mpweya wochuluka kuposa a galimoto yaing'ono. Galimoto yaing'ono imayendera mabaa 2 (baa ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala) kapena kuposerapo pang'ono, pomwe tayala la kalavani lokhala ndi chilembo C pa saizi yake, chosonyeza tayala losenza katundu wolemera, likhoza kufuna mabaa 3 mpaka 4.5. Wopopa wa pamsewu akangoika 2.2 mwachizolowezi, tayalalo likhala lofewa pa katundu wake, lizipindika m'mbali, litenthe, liphulike. Muuzeni nambala yeniyeni, ndipo muone nokha pa geji. Baa imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi, ngati geji yake ili ya psi.

Sipeya ndi bwino kuipopa mopitirira pang'ono mlingo wa matayala oyenda, koma osadutsa malire olembedwa m'mbali mwake. Kuchotsa mpweya pamsewu n'kosavuta, kuwonjezera kumafuna pampu. Yezani m'mawa tayala lisanawombedwe ndi dzuwa, chifukwa kutentha kumakweza mpweya, pafupifupi 0.1 baa pa madigiri 10 aliwonse, ndiye geji ya masana imakunamizani kuti zonse zili bwino.

Valavu nayonso ndi labala, imakalamba. Ipindeni pang'ono ndi chala, mukaona ming'alu patsinde pake isintheni. Kachivindikiro kake kasasowe, chifukwa fumbi ndi mchenga zikalowa m'katimo valavu sitsekanso bwino. Kulavulira pang'ono pakamwa pa valavu n'kuona ngati pakutuluka thovu ndi njira yakale yomwe imagwirabe ntchito.

Bwanji ndingodalira sipeya ya galimoto yokokayo?

Pokhapokha ngati munaiyesapo n'kuona kuti ikulowa. Limu kuti igwirizane pamafunika zinthu zingapo: chiwerengero cha mabowo, kutalikirana kwa mabowowo, kukula kwa bowo lapakati, ndi momwe limuyo yalowera m'kati kapena kutulukira kunja. Makalavani ambiri a ku Ulaya ali ndi mabowo 4 pa mamilimita 100 kapena mabowo 5 pa mamilimita 112. Toyota Hilux ndi Hiace zambiri zili ndi mabowo 6 pa mamilimita 139.7. Ngolo zina za m'tchire zopangidwa ku South Africa zimapangidwa dala kuti zifanane ndi galimoto zotere, ndipo amene ali ndi ngolo yotero ali ndi mwayi, chifukwa sipeya ziwirizo zimathandizana. Koma musaweruze ndi maso. Malimu awiri a mabowo asanu akhoza kusiyana mamilimita awiri okha, n'kulowa mokakamiza, kenako mabawuti n'kuduka muli pa liwiro.

Palinso nkhani ya mphamvu ya tayala. Pambuyo pa saizi pamalembedwa nambala yosonyeza katundu yemwe lingasenze. Mwachitsanzo, 185R14C 102/100 limasenza makilogalamu 850 likakhala lokha mbali imodzi, ndipo 195R14C 106/104 limasenza makilogalamu 950. Tayala la galimoto yaing'ono la nambala 82 limathera pa makilogalamu 475. Kalavani ya ekiselo imodzi yolemera makilogalamu 1,400 imaika pafupifupi 700 pa tayala lililonse. Mukuona nokha kuti tayala la galimoto yaing'ono, ngakhale litalowa bwinobwino, silingapirire.

Chomaliza pamenepa: ngati matayala oyenda ali pa malimu a aluminiyamu ndipo sipeya ili pa limu ya chitsulo, mabawuti ake akhoza kusiyana kutalika ndi kapangidwe ka mutu. Fufuzani, ndipo ngati akusiyana, sungani mabawuti a sipeya m'kathumba pamodzi ndi sipanala.

Kodi tayala la kaunjika lingakhale sipeya?

Ndikudziwa mmene ndalama zikuvutira, ndipo sindinganene kuti aliyense angakwanitse latsopano. Koma maganizo akuti "ndi sipeya chabe, lililonse lingachite" ndi omwe amagonetsa anthu pamsewu. Sipeya imalowa ntchito pa nthawi yoipitsitsa: katundu ali wodzaza, phula likutentha, malo okonzera matayala ali kutali.

Ngati mukugula la kaunjika, yambani ndi manambala anayi a chaka aja. Ena mwa matayalawa anachotsedwa kwawo chifukwa cha ukalamba, osati kutha mano. Lionedwe lisanalowe pa limu: pisani dzanja m'kati, fufuzani zigamba, mawaya otuluka, ndi malo ofewa. Kanikizani m'mbali kuti ming'alu yobisika itseguke. Mukaona chotupa, ngakhale chaching'ono, lisiyeni, chifukwa ndiye kuti ulusi wa m'kati waduka. Pewaninso matayala opangidwira chisanu cha kunja, omwe amakhala ndi chizindikiro cha phiri ndi kanyenyezi ka chipale. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa kutentha kwa kunyanja amatha msanga.

Akuba ndiwaletse bwanji?

Sipeya yomangidwa ndi nati imodzi imachoka m'kanthawi kochepa, ndipo msika wake susowa. Imabedwa pomwe mwaima kugula nsomba, pa depoti, kapena usiku pamalo ogona opanda mlonda.

Njira yosavuta ndi unyolo wokhuthala wodutsa m'bowo la limu n'kuzungulira chesisi, wotsekedwa ndi loko wabwino. Unyolowo uvekeni chubu chakale cha njinga kuti usamakhule limu ndi kusokosera. Ena amaboola kumapeto kwa bawuti yogwira tayala n'kulowetsapo loko, zomwe wowotcherera aliyense angachite. Manati okhala ndi kiyi wakewake aliponso, koma kiyiyo ikasowa mwadzitsekera nokha.

Loko wokhala panja amadya fumbi ndi mvula, ndipo tsiku lomufuna amakana kutseguka. Mudonthezereni mafuta nthawi yomwe mukuyeza mpweya, mumutsegule ndi kumutseka, ndipo mumuveke kachidutswa ka chubu. Kiyi wina akhale m'galimoto, osati kunyumba. Kulemba nambala ya ngolo ndi penti m'kati mwa limu kumathandizanso, chifukwa wogula amachita mantha ndi katundu wodindidwa, ndipo kupolisi mumakhala ndi poyambira.

Kalavani ikhala osayenda dzinja lonse. Sipeya ndiisunge bwanji?

Ichotseni, muitsuke ndi madzi ndi sopo wamba, iume bwino, muilowetse m'nyumba. Pakhale pamthunzi, pouma, posatentha kwambiri. Tayala lomwe lili pa limu ligonekeni chafufumimba pa thabwa kapena pa mphasa yakale, kapena lipachikeni pa chitsulo chodutsa pa bowo la limu. Lisagone pa dothi kapena pa simenti yonyowa, ndipo musaunjikepo matumba a chimanga.

Litalikirane ndi jenereta, makina owotcherera ndi mota za magetsi monga za pampu kapena chigayo. Zimenezi zimatulutsa mpweya wa ozoni womwe umang'amba labala. Litalikiranenso ndi zigubu za petulo, dizilo, oyilo, parafini ndi asidi wa batire. M'magalaja ambiri zinthu zonsezi zimakhala pakona imodzi ndi matayala, ndipo n'kulakwitsa kwakukulu.

Matayala omwe atsala pa kalavaniyo musawaiwale. Akakhala malo amodzi miyezi ingapo amaphwatalala pomwe aponda. Isuntheni pang'ono mwezi uliwonse, kapena muikweze pa zitsulo zochirikiza kuti matayala apume, ndipo muwatchinge ku dzuwa ndi makatoni kapena lona.

Nanga kupaka oyilo wakuda kapena polishi kuti lisaume?

Ayi. Oyilo, dizilo ndi mafuta a mabuleki zimafewetsa labala ndi kusungunula mankhwala omuteteza. Tayala limawala sabata imodzi, kenako limauma kuposa kale. Madzi, sopo ndi mthunzi n'zokwanira.

Ndamva kuti m'masipeya mumabisala njoka. N'zoona?

Kumalo otentha ngati kuno, malo amdima ndi ofunda pakati pa limu ndi chovundikira amakopa zambiri: zinkhanira, akangaude, mavu omanga zisa, makoswe, ndipo nthawi zina njoka. Kalavani ikakhala nthawi yaitali pansi pa mtengo kapena pafupi ndi udzu, musapise dzanja musanaone. Gogodani tayala ndi sipanala, vundukulani mutaima chapatali, unikani ndi tochi. Ana musawatume ntchito imeneyi.

Tayala lopanda limu losiyidwa panja limasunga madzi a mvula, ndipo udzudzu umaswana momwemo. M'maboma athu ano udzudzu tili nawo wokwanira kale. Matayala otha ntchito abooleni kapena muwasunge pansi pa denga.

Kupatula tayala, ndiziyenda ndi chiyani?

Sipeya yabwino popanda zida ndi katundu wongolemetsa. Pafunika jeke wokwanira kulemera kwa kalavani komanso wotha kulowa pansi tayala litaphwa, chifukwa jeke wa galimoto nthawi zambiri amakhala wamtali kapena mutu wake sugwirizana ndi chesisi. Pafunika sipanala yolingana ndi manati a kalavani, omwe kawirikawiri amasiyana ndi a galimoto. Pafunika thabwa lokhuthala loyala pansi pa jeke, poti m'mbali mwa misewu ya kunyanja ndi mchenga wokhawokha ndipo jeke amangomira. Onjezani zopinga matayala, tochi, geji, pampu, ndi mathirayango awiri ochenjeza. Nthambi zamasamba zomwe timayala mumsewu zimathandiza masana, koma usiku woyendetsa thiraki saziona msanga.

Posintha, kalavani ikhale yolumikizidwabe ku galimoto, handibuleki ya zonse ziwiri itakokedwa, tayala la mbali inayo litapingidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu onse atuluke ndipo aime kutali ndi msewu. Timiyendo tinayi ta m'makona a kalavani si jeke. Ntchito yake ndi kuletsa kugwedera mukaima, ndipo mukakwezera pamenepo mumapinda chesisi kapena kuthyola pansi pa kalavani. Jeke agwire pamalo omwe opanga anasonyeza, kapena pa ekiselo pafupi ndi tayala. Musalowe pansi kalavani ili pa jeke yekha.

Manati amangidwe modumphitsa, nati iyi kenako ya kutsidya, osati motsatana. Kudumphira pa sipanala ndi phazi kumatambasula mabawuti. Amene angathe agule sipanala yoyeza mphamvu n'kutsata nambala ya m'buku. Mukayenda makilomita pafupifupi 50, imani muwayesenso, chifukwa manati a kalavani amakonda kumasuka tayala likangosinthidwa kumene. Ngati mwasinthira pa Kaphatenga mukulowera kumpoto, pofika pa Benga mukhale mutaima kale n'kuwaona.

Ndikupemphani chinthu chimodzi: yesani ntchito yonseyi pakhomo kamodzi, kuyambira kumasula loko mpaka kumanga sipeya pa kalavani. Pamenepo ndi pomwe mudzadziwe ngati sipanala ikulowa, ngati jeke akukwana, ngati limu ikugwirizana. Ndipo aliyense woyendetsa galimotoyo, kaya ndi mayi a kunyumba kaya dalaivala wolembedwa ntchito, akhalepo aone.

Yanga ndi minibasi ya Nissan Caravan, si ngolo. Izi zikundikhudza?

Zambiri zikukukhudzani. Pa Nissan Caravan ndi Toyota Hiace sipeya imakhala pansi kumbuyo, m'chonyamulira chomwe chimatsitsidwa pomasula bawuti ya pafupi ndi chitseko cha kumbuyo. Bawuti imeneyo imagwidwa dzimbiri chimodzimodzi, ndipo imafuna girizi. Tayala likhale la chilembo C, monga 195R15C, osati la galimoto yaing'ono. Chizolowezi choika tayala losalala ngati sipeya kuti apolisi apamsewu angoona kuti ilipo n'choika miyoyo ya anthu pachiswe, chifukwa tsiku lomwe lidzalowe, m'galimotomo mudzakhala muli anthu odzaza. Kulowetsa sipeya pansi pa mpando osaimanga nakonso n'koopsa ngozi ikachitika.

Tayala lomwe linabooka ndalimatitsa. Lingakhale sipeya tsopano?

Zimatengera pomwe linabooka ndi momwe lamatidwira. Bowo la msomali kapena munga wolowa pakati pa mano, losapitirira mamilimita 6, limamatika bwino ngati tayala lachotsedwa pa limu, laonedwa m'kati, n'kuikidwa chigamba cha m'kati. Kachingwe komatira kaja kolowetsa m'bowo kuchokera kunja n'kongokufikitsani pomwe pali okonza. Bowo la m'mbali silimatika, ngakhale wokonza atalumbira kuti amatha kusoka ndi kuwotcha. M'mbali ndi momwe tayala limapindika nthawi zonse, ndipo chigamba sichikhalitsa.

Pa kalavani pali vuto lina lapadera. Tayala la galimoto likaphwa mumamva pa chiwongolero nthawi yomweyo, koma la ngolo mukhoza kuyenda nalo mtunda musanadziwe. Tayala loyendedwa lili lophwa limaperepeseka m'kati. Wokonza akalichotsa, yang'anani: mukapeza ufa wakuda wa labala kapena mzere wopsa kuzungulira m'mbali, latha, ngakhale kunja likuoneka labwino.

Sipeya imodzi ndi yokwanira?

Pa ulendo wa Lilongwe kupita ku Salima pa M14, n'kupitirira makilomita pafupifupi 20 kukafika ku Senga Bay, imodzi yabwino ndi yokwanira, chifukwa okonza matayala sali patali. Kuchoka ku Salima kupita ku Nkhotakota ndi makilomita oposa 100, ndipo ngakhale pa Khombedza, Thavite ndi Benga mungapeze womata ndi kupopa, kupeza tayala latsopano la saizi ya kalavani n'kovuta. Saizi zina muyenera kuitanitsa ku Lilongwe n'kudikira. Nthawi ya mvula maenje ndi m'mphepete mwa phula modyeka zimatha kudula matayala awiri a mbali imodzi nthawi imodzi, la galimoto ndi la ngolo.

Mukamalowera ku Dwangwa, kapena kukwera M18 yopita ku Kasungu, ganizirani zonyamula yachiwiri, ngakhale tayala lokha lopanda limu, lomwe ndi lopepuka ndipo wokonza aliyense angakulowetsereni. Msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. M'nkhalango muno si malo oti muzilimbana ndi loko wadzimbiri dzuwa likulowa. Musanafike pa geti, imani pa Nkhotakota boma, yezani mpweya wa matayala onse pamodzi ndi sipeya, gwedezani chomangira chake muone ngati chili cholimba, ndipo mudutse kukadali kowala.